Kwaya ikuimba, ife a pa benchi tangoti kukamwa pululu

Akonzi,

Zikomo pondipatsako kampata. Ine sindine munthu wolembalemba ku nyuzipepala ayi koma nkhani ya nyimbo za pa Misa iyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali ndipo ndaona kuti ndikapitiriza kuisunga ndidwala nayo. Paliponse pomwe akatolika awiri atatu aima panja Misa itatha nkhani imakhala yomweyi, wina akuti nyimbo zamakonozi zationongera mapemphero tchalitchi yasanduka holo ya dansi, wina akuti aaa inu tsabola wakale sawawa, nyimbo zanu zija nzogonetsa tulo achinyamata akuthawa chifukwa cha zomwezo. Ine mbali zonse ziwirizi ndakhalako ndipo ndikuona kuti onse akukangana pamalo olakwika.

Ndinaimba mu kwaya zaka 14, besi. Ndiye musaganize kuti akulemba ndi munthu wansanje yemwe mawu anamukana. Nthawi imeneyo ife chomwe tinkanyadira chinali kubwera ndi Ulemu kwa Mulungu watsopano pafupifupi mwezi uliwonse, Woyera watsopano, mawu anayi olukana bwinobwino masopurano akukwera matena akulowa mkati ife a besi tikugunda pansi ngati bingu, ndipo tchalitchi yonse ikati zii kumvetsera timagwirana chanza mumtima kuti eyaa lero tawagwira. Tsiku lina chimfine chinanditseka pakhosi mawu osatuluka olo pang'ono, nde ndinakakhala pa benchi la kumbuyo ndi anthu ena onse. Abale inu. Ndi tsiku limenelo lomwe ndinaiona Misa mmene amaionera anthu wamba. Palibe amaimba. Bambo yemwe ndinayandikana naye milomo imangogwedera pang'ono pa kolasi basi, mayi wina kutsogolo kwanga anayesetsa kutsatira koma pomwe sopurano inakwera iye anatsala panjira nkungodziseka yekha, ana maso onse kwa mnyamata wa kiyibodi. Malo okhawo omwe tchalitchi yonse inatsekula pakamwa ndi pa Aleluya wakale uja amadziwa aliyense ndi pa Atate Athu, kwina konseko anthu anali ngati abwera kudzaonera konsati yaulere.

Ndiye munganene kuti mwaonatu, vuto ndi nyimbo zatsopano. Dikirani kaye. Patapita nthawi mnzanga wina wokonda zakale ananditengera ku Misa yoimbidwa mu Chilatini, nyimbo za Gregorian zenizeni zija, opanda ng'oma opanda kuomba mmanja. Kukoma kunalipo sindinama, tsitsi linandiimirira. Koma nditacheuka ndinapeza zomwezija, amuna asanu ndi atatu akuimba kutsogolo anthu ena onse ali duu, ena akupemphera kolona yawo payekha. Matenda ake amodzimodzi, yasiyana ndi yunifolomu chabe.

Chomwe anzathu okonda zakale safuna kumva nchakuti zomwe akuzitcha zakalezo zinali zatsopano tsiku lina ndipo zinakanidwapo. Nyimbo za Gregorian zimatchedwa ndi dzina la Papa Gregory wamkulu yemwe analamulira Mpingo kuyambira 590 mpaka 604, koma mmene tikuzidziwira lero zinapangika patapita zaka pafupifupi 200 iye atamwalira, nthawi ya mafumu Pepin ndi Charlemagne, pomwe kaimbidwe ka ku Rome kanasakanikirana ndi ka anthu a kumpoto uko komwe lero kuli France ndi Germany. Ndiye nazonso ndi zosakaniza. Limba lalikulu la mapaipi lija lomwe lero timaliona ngati chida choyera kuposa zonse, akhristu oyambirira sankalifuna mu tchalitchi, kwa iwo linali chida cha mmabwalo a masewero achikunja ndipo panatenga zaka mazanamazana kuti lilowe. Mpaka lero abale athu ambiri a Orthodox amaimba ndi pakamwa pokha. Cha mma 1324 Papa John XXII analemba kalata yodandaula za oimba a sukulu yatsopano omwe amaduladula nyimbo ndi timanotsi tothamanga mpaka mawu osamveka, mukawerenga madandaulo akewo mungaganize kuti akunena za kwaya ya Lamulungu lapitali. Ku msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Trent, 1545 mpaka 1563, nkhani inabukanso yomweyi, kuti mawu oluka alukana kwambiri anthu sakumva chomwe chikuimbidwa, ndipo analamula kuti nyimbo zachilakolako ndi zodetsedwa zichoke mu tchalitchi kaya nza limba kaya nza pakamwa. Palestrina, wopeka nyimbo za mu tchalitchi wa nthawi imeneyo, yemwe lero amamutama kuti ndiye chitsanzo cha nyimbo zoyera ankalemba mtundu womwewo wa nyimbo womwe ena ankaukayikira.

Ngakhale Augustino woyera, mwana wa mu Africa muno, episkopi wa ku Hippo, nkhaniyi inamuvutitsa. Iye mwini analemba kuti ankalira misozi pomva nyimbo mu tchalitchi ya ku Milan masiku a ubatizo wake, koma analembanso kuti kukoma kwa chuni kukamugwira mtima kuposa mawu omwe akuimbidwa amadziona kuti wachimwa. Ndi zaka zoposa 1600 zapitazo zimenezo. Nde mkanganowu sitinauyambe ndife ndipo sitiuthetsa ndife, koma bola tidziwe chomwe tikukanganira.

Tsono onse awiri amakonda kukokera msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II kumbali yawo ngati bulangeti limodzi usiku wozizira. Chikalata cha za chipembedzo, Sacrosanctum Concilium, chinatuluka pa 4 Disembala 1963, ndipo maepiskopi 2147 anachivomereza anayi okha ndi omwe anakana. Okonda zakale amathamangira pa ndime 116 yomwe imati nyimbo za Gregorian ndiye zenizeni za chipembedzo cha Chiroma ndipo zipatsidwe malo oyamba, ndi ndime 120 yomwe imalemekeza limba la mapaipi. Zoona zimenezo, zilimo, ndipo anzathu a zamakono asamaname kuti msonkhanowu unathetsa Chilatini chifukwa ndime 54 imanena mosabisa kuti akhristu azitha kunena kapena kuimba limodzi mu Chilatini zigawo za Misa zomwe ndi zawo. Mu 1974 Papa Paul VI mpaka anatumizira maepiskopi onse kabuku kakang'ono ka nyimbo zosavuta za Gregorian kuti mkatolika aliyense padziko azidziweko, kaya kabukuko kanathera mmadirowa a ndani. Koma chikalata chomwecho pa ndime 119 chimati kuli mitundu ya anthu yomwe ili ndi kaimbidwe kawokawo kofunika pa moyo wawo, ndipo kaimbidwe kameneko kalemekezedwe kapatsidwe malo, ndime 120 yomweyo ikupitiriza kuti zida zina zitha kuloledwa maepiskopi a dera akavomereza. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali ndime 14, yoti anthu onse atenge mbali mokwanira, modziwa chomwe akuchita. Onse. Osati kwaya yokha.

Pali chikalata china chomwe ndikukhumba kwaya masitala aliyense atachiwerenga olo kamodzi, Musicam Sacram cha mu 1967. Ine chinanditsegula mmaso mochedwa, nditasiya kale kwaya. Chimaika zoimba za pa Misa mmagulu atatu motsata kufunika kwake. Gulu loyamba, lofunika kuposa onse, ndi kuyankhana kwa wansembe ndi anthu, Ambuye akhale nanu ujayu, mapemphero a wansembe, mawu otsogolera ku Woyera, Woyera mwini wake ndi Atate Athu. Gulu lachiwiri ndi Ambuye mutichitire chisoni, Ulemu kwa Mulungu, Ndikhulupirira ndi Mwanawankhosa wa Mulungu. Gulu lachitatu, lomaliza, ndi komwe kuli nyimbo yolowera, ya chopereka, ya pa kulandira Ukaristia. Tsono taonani ife zomwe tinachita, tinautembenuza mndandandawu miyendo mmwamba. Pulakatisi yonse ya mlungu imathera pa nyimbo yolowera ndi ya chopereka ndi masitepe ake, wansembe mbali yake akungowerenga mothamanga ngati chidziwitso cha pa wailesi, anthu kuyankha chapansipansi. Tikuimba pa Misa mmalo moimba Misa yeniyeniyo. Ndipo kolakwikaku nkwa onse, wa zakale akukanganira nyimbo yolowera yakale wa zamakono akukanganira nyimbo yolowera yatsopano, onse ali pa gulu lachitatu.

Ndilankhuleko za kiyibodi poti ndi yomwe imanyozedwa kwambiri. Ine chidacho ndilibe nacho mlandu, tchalitchi zambiri padziko sizingakwanitse limba la mapaipi ndipo mnyamata wodziwa kuimba kiyibodi bwino ndi mphatso. Vuto langa ndi kabatani ka biti kaja. Munthu woimba limba kapena ng'oma ndi manja ake amamvetsera anthu, akaona kuti mpingo wapuma iye amadikira, akaona kuti ukukoka amaukankhako pang'ono, amapuma nawo limodzi. Biti ya mu makina sipuma. Siidziwa kuti mu tchalitchi muli agogo, siidziwa kuti anthu 500 satenga mpweya nthawi imodzi ngati anthu 20 a kwaya, imangogunda basi ndipo wotsalira atsale. Kenako pali nkhani ya kiyi, kwaya imakweza nyimbo kuti masopurano awale, koma munthu wamba mmawa asanamwe nkomwe kanthu sangafike kumeneko, amayesa kamodzi kawiri nkusiya. Ndiye masipika. Voliyumu ikakwera mpaka munthu osadzimva mawu ake kapena a mnzake wa pambali amangotseka pakamwa, chifukwa kuimba kwa gulu kumadalira kumvana, ukamva mnzako akuimba nawe umalimba mtima. Paja amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, koma apa chomwe chikung'ambika ndi makutu athu. Zonsezi palibe chokhudza kuti nyimboyo ndi ya chaka chiti. Mutha kutenga nyimbo ya zaka 800 nkuipha ndi maikolofoni, ndinazionapo.

Pomwe ndimagwirizana ndi okonda zakale ndi pa nkhani ya mawu. Apa pokha ali ndi mfundo ndipo a zamakono asamangoikankhira kumbali. Ndime 121 ya Sacrosanctum Concilium ija imati mawu a nyimbo agwirizane ndi chiphunzitso cha Katolika ndipo makamaka achokere mu Malembo Oyera ndi mmapemphero a chipembedzo. Nyimbo zakale zija zambiri ndi Masalimo chabe oikidwa chuni, ndiye ngakhale woimbayo asadziwe zambiri akuimba Baibulo. Lero aliyense yemwe ali ndi gitala ndi foni akupeka, zomwe sizoipa, koma ndani akuziona mawu ake zisanafike pa guwa? Nyimbo zambiri zangokhala ine ine ine, adani anga achite manyazi, chaka chino ndi changa, ndidzakwera. Pa nthawi yolandira Thupi la Ambuye tikuimba za adani athu eti? Ulemu kwa Mulungu ali ndi mawu ake okhazikika ndipo malangizo a mu buku la Misa amanena kuti asasinthidwe ndi mawu ena, koma mupeza kwaya yadula theka nkuikapo kolasi yobwereza kakhumi chifukwa ndi pomwe pali sitepe yabwino. Mu 2008 ku Vatican kunachoka kalata yoti dzina la Mulungu la zilembo zinayi za Chiheberi lija lisamatchulidwe mu nyimbo ndi mmapemphero a Misa, potsata mwambo wakale wonena kuti Ambuye mmalo mwake, ndi makwaya angati anamva zimenezi? Ndipo nyengo za Mpingo zasowa. Mu Lenti zida zimayenera kungothandizira mawu basi, Aleluya kulibe, mu Adiventi tichepetseko, cholinga chake nchoti Pasaka ikafika khutu limve kusiyana. Koma ngati Lachitatu la Phulusa biti ili yomweyo ya pa Khirisimasi ndiye chimwemwe cha Pasaka tichimva bwanji, munthu wodya phwando tsiku ndi tsiku phwando salidziwanso.

Ndiye pali kachetechete, yemwe akuoneka kuti tikumuopa ngati ngongole. Buku la Misa limapereka nthawi yokhala chete, makamaka tikalandira Ukaristia. Ife ayi, mzere ukangotha nyimbo yothokoza, ikatha ina, wansembe wakhala pampando akuyang'ana wotchi. Papa Pius X analemba kale mu 1903 kuti sikololedwa kumudikiritsa wansembe pa guwa chifukwa cha nyimbo, ndipo iye ankalimbana ndi makwaya a ku Italy omwe anasandutsa Misa ngati zisudzo za opera, anthu kubwera kudzamva woimba wotchuka. Chikomekome cha mkuyu.

Koma poti ndamutchula Pius X ndiwakumbutse anzanga omwe amanyamula chikalata chake cha Tra le sollecitudini ngati chibonga. Chinatuluka pa 22 Novembala 1903, tsiku la Cecilia woyera nkhoswe ya oimba, ndipo inde chinaletsa piyano, ng'oma ndi zida zaphokoso mu tchalitchi. Koma chikalata chomwecho chinatinso amayi asaimbe mu kwaya, mawu apamwamba aziimba anyamata ang'onoang'ono. Ndiye ngati tikuti tibwerere ku 1903 ndendende tiyambe tauza amayi onse a sopurano ndi alito kuti Lamulungu likubwerali akhale pa benchi, tione ngati kwaya itsale. Mpingo womwewo unasuntha. Mu 1958 ku Kamina ku Congo wansembe wa ku Belgium Guido Haazen ndi kwaya ya anyamata anaimba Misa ya mawu a Chilatini pa chuni ndi ng'oma za kumeneko, Missa Luba, ndipo inamveka dziko lonse. Pa 18 Okutobala 1964 pomwe Papa Paul VI ankalengeza kuti amaritiri 22 a ku Uganda ndi oyera, nyimbo za chiAfrica ndi ng'oma zinamveka mkati mwa tchalitchi ya Petulo woyera ku Rome. Mu 1988 Vatican inavomereza kachitidwe ka Misa ka ku Zaire (lero DR Congo) komwe kali ndi kuvina kwake, ndipo Papa Francis anatsogolera Misa imeneyi pa 1 Disembala 2019 mu tchalitchi yomweyo ya Petulo woyera. Nde munthu asamabwere nkumati ng'oma payokha ndi yachikunja, atsegule Salimo 150 awerenge zida zomwe zatchulidwamo, malipenga, azeze, ng'oma, kuvina, zinganga zoliritsa. Komanso nyimbo zina zomwe timazitcha zakale zathu si za Gregorian nkomwe, ndi nyimbo za ku Ulaya za zaka za mma 1800 zomwe zinangomasuliridwa, mawu nkukakamizidwa kulowa mu chuni ya eni ake mpaka liwu kumakokedwa pomwe polankhula sitikoka. Timazikonda chifukwa tinakula nazo, palibe cholakwika, koma tisamazipatse ukulu womwe zilibe.

Mfundo yoti achinyamata athawa tikapanda kuika biti ine ndimaikayikira. Inde gulu la karizimatiki lomwe linayamba mu 1967 pa yunivesite ya Duquesne ku Pittsburgh linabweretsa magitala ndi kaimbidwe kamoyo ndipo anthu ambiri anabwerera ku sakramenti kudzera kumeneko, sindingatsutse. Koma taonaninso ku Taizé, malo a mapemphero ku France, achinyamata masauzande amapita chaka ndi chaka kukakhala pansi nkumaimba timizere tifupitifupi tobwerezabwereza, tambiri ta mu Chilatini, tomwe katswiri wa nyimbo Jacques Berthier anayamba kupeka cha mma 1970, pakati pake nkukhala chete nthawi yaitali. Nyimbo zimenezo nzatsopano kapena nzakale? Kaya. Chomwe ndikudziwa nchakuti munthu amazigwira pa ulendo wachiwiri ndipo aliyense amaimba. Mnyamata wofuna dansi yeniyeni akudziwa komwe angaipeze yabwino kuposa ya kwaya yathu, sitingapikisane nawo kumeneko ndipo sitikuyenera kutero.

Pempho langa kwa a kwaya, ndipo ndikulankhula ngati mnzanu wolakwa nanu limodzi. Ulemu kwa Mulungu, Woyera ndi Mwanawankhosa musamasinthe mwezi ndi mwezi, sankhani ziwiri zitatu mukhale nazo chaka chathunthu mpaka mwana wa zaka zisanu aziimba posamba. Nyimbo yanu yovuta ya mawu anayi ija ili ndi malo ake, imbani imodzi pa chopereka timvetsere tisangalale, kumvetsera nakonso ndi kupemphera, koma isakhale Misa yonse. Tsitsani kiyi. Tsitsani voliyumu mpaka muzimva mpingo kumbuyo kwanu. Wopeka nyimbo yatsopano aipereke kaye kwa munthu wodziwa chiphunzitso aione mawu. Ndipo phunzitsani anthu olo Kyrie (Ambuye mutichitire chisoni) mmodzi, Sanctus (Woyera) mmodzi ndi Agnus Dei (Mwanawankhosa) mmodzi wa Gregorian, wosavuta uja, kuti mkatolika akapezeka ku dziko la eni chilankhulo osachimva akhale ndi poyambira kutsekula pakamwa. Kwa abambo ansembe, chonde imbani mbali yanu ngakhale mawu ali osakoma, chuni chake ndi cha manotsi awiri atatu basi ndipo anthu amayankha mwamphamvu mukaimba kusiyana ndi mukawerenga, yesani muone.

Loweruka likubwerali ndikupita ku pulakatisi koyamba patapita zaka, osati kukaimba koma kukapempha kwaya masitala wathu kuti Lamulungu limodzi asiye ndodo yake kwa wachiwiri wake adzakhale nane pa benchi la kumbuyo lija. Ndikudziwa andiseka ndipo a sopurano andiyang'ana cham'mbali, koma malo ndamusungira kale, pafupi ndi bambo uja amangogwedeza milomo pa kolasi.

Ine wanu,
Wa besi wakale, pa benchi la kumbuyo